Mabala Atatu pa Mkono Wamanja

Mvula inayamba m'mawa wa Lachisanu lija ndipo sinakate. Sinali ya mabingu ayi, inali yamvumbi, yonyowetsa munthu mpaka m'kati mwa malaya. Minda ya tiyi inangoti biriwiri pansi pa nkhungu, koma m'mizeremo munalibe wothyola ndi mmodzi yemwe. Anthu onse anali pabwalo la chipatala cha esiteti, madengu ali kumsana opanda tsamba.

A Malizani, mkulu wa alonda, anadutsa pakati pawo akukankha njinga. Anali munthu wamtali, wa imvi zapatalipatali. Chimwalirireni akazi awo zaka zitatu zapitazo, mawu awo, omwe anali ochepa kale, anachepa ndithu.

Patsogolo pa gululo panali Lackson, yemwe anaika mkazi wake Marita dzulo lake. Dothi la kumanda linali lisanachoke pa thalauzi lake.

"Atuluke nesiyo!" ankakuwa uku akumenya chitseko ndi chikhatho. "Atiuze kumene wagulitsa mankhwala! Mkazi wanga analowa muno ndi kabala kakang'ono. Masabata awiri akumubaya madzi!"

"Madzi a pampopi enieni," anathirira ndemanga mayi wina kumbuyo.

A Malizani anaimika alonda awiri pakhomopo, iwo n'kupita ku ofesi ya a Peterson, woyang'anira antchito. Bwana wamkulu anali kutchuthi, ndipo esiteti yonse inali paphewa pa a Peterson. Anawapeza ataima pawindo akuyang'ana minda.

"Ino ndi sizoni, a Malizani. Tsamba likakhala masiku anayi osathyola limakhwima, fakitale imaima. Ine sindifuna sitalaka. Lolemba eiti koloko mumukweze pikapu nesi ameneyu, mukamusiye kupolisi ku Luchenza."

"Waba chiyani?"

"Jekeseni. Amagulitsa weniweni, m'mabotolo n'kuthiramo madzi."

"Mwaona?"

"Ndaona maliro dzulo. Ndamva kuti akazi ena awiri mikono yatupa ngati mtondo. Mukufuna ndionenso chiyani?"

"Ndifufuze kaye."

"Fufuzani. Koma Lolemba ndi Lolemba."

*

Namwino Lizzie anali atadzitsekera m'chipinda cha mankhwala. Anali mtsikana wa Sabata, wophunzira ku mishoni, kwawo kutali ndi kuno. Anatsegula atamva kuti ndi a Malizani. Maso ake anali ofiira, koma yunifolomu inali yosita.

"Onani nokha, bambo." Anatsitsa katoni pa shelefu. "Zivundikiro zake zachitsulo zilipo. Botolo ili munthu sangalitsegule n'kulitsekanso. Ndawauza. Akuti a Sabata timadziwa njira zake."

A Malizani anatembenuza botolo limodzi, n'kulibwezera.

"Marita munampatsa chiyani?"

"Penisilini masiku asanu. Osasintha. Ndinasinthira ku bakitirimu. Osasintha. Makapusozi, chimodzimodzi. Bala likungokula, thupi likungotentha. Ndinamuuza Lackson kuti tipite naye kuchipatala chachikulu, anakana, akuti ndi kabala chabe. Pomwe ankavomera, magazi anali ataonongeka kale." Anabwezera katoni pa shelefu. "Inenso ndinayamba kuwakayikira mankhwalawa, bambo. Lachiwiri ndinatumiza mafinya a onse atatu ku labu ya ku mishoni, pamodzi ndi botolo langa limodzi. Yankho silinabwere."

"Atatuwo ndani?"

"Marita, Tinenenji wa kumalaini akumunsi, ndi Angella. Angella abale ake amutenga, ali ku Changata, akuti kwa asing'anga."

"Anavulala bwanji?"

"Onse akuti ndi mpeni wodulira tiyi."

"Pati?"

Lizzie anapinda mkono wake wamanja n'kuloza m'kati mwake, pansi pang'ono pa chigongono.

"Onse?"

"Onse atatu. Pamodzimodzi."

A Malizani anayang'ana kalendala yapakhoma. Januwale, 2004. Tiyi amadulira nyengo yozizira, ndipo amadulira ndi amuna. Mipeni yonse inalowa m'sitolo ya zida mu Ogasiti. Anaiwerenga okha, natseka okha, ndipo kiyi wake anali pa lamba wawo.

"Simunawafunse?"

"Ndinafunsa. Anayang'anana, n'kuyamba kuyankhula Chilomwe. Ine Chilomwe sindimva."

*

A Malizani anamupeza Tinenenji atagona pamphasa m'nyumba yake ya kumalaini, mkono atausanjika pa mtsamiro. Anali mayi wamng'ono thupi, wodziwika esiteti yonse ndi pakamwa. Ngakhale thupi linkatentha, pakamwapo panali pasanadwale.

"Eee, a Malizani m'nyumba mwanga! Mwabwera kudzandifunsira? Mwachedwatu abambo, katundu waonongeka. Mukanabwera Khirisimasi, mikono ili iwiri."

A Malizani ananjuta pafupi ndi chitseko.

"Unavulala ndi chiyani?"

"Mpeni. Ndanena kale kwa kanesi kanu kaja."

"Munda uti?"

"Namba seveni."

"Seveni tinadulira chaka chatha."

"Ndiye eiti. Ine manambala ndinawasiya sitandade thuu."

"Mpeni unali wa yani?"

"Unali wa mwini wake. Kodi mipeni imalembedwa maina?"

"Unagwira ndi dzanja liti?"

"Lamanja, monga anthu onse."

"Dzanja lamanja linadula mkono wamanja?"

Tinenenji anatseka maso. "Mutu ukundipweteka, abambo."

M'nyumbamo munali fungo. Silinali la chilonda lokha. Linali lina, loboola mphuno, ngati la mkodzo wogonera. Linkachokera kuseri kwa chitseko, komwe kunali thumba lopinda. A Malizani analikoka pang'ono. Pansi panagwa timibulu takuda, tating'ono ngati mpunga wopserera.

"Ichi?"

"Makoswe. Nyumba za kampani zino, makoswe ndiwo eni ake, ife ndife alendo."

Anafikisa kamodzi pakati pa zala. Kanafumbutuka ngati phulusa. Za khoswe sizitero.

"Tinenenji, mtsikana uja akamutsekera Lolemba."

Nthabwala zinathera pomwepo. Mayiyo anatembenukira kukhoma.

"Ndili ndi ana anayi m'nyumba ya kampani ino. Bambo wawo ali ku Joni, kalata yomaliza inabwera mwana wachinayi ali pamsana. Mukufuna tikagone kuti? Tsekani chitseko potuluka, mphepo ikulowa."

*

Ulendo wa ku mishoni unawatengera a Malizani maola atatu. Matope ofiira ankamata matayala mpaka njinga kukana kuyenda, iwo n'kumatsika kukokota ndi kamtengo. Anafika madzulo, n'kupeza a Josiah, woyeza za m'labu, akukhoma loko. Anali mkulu wa mpingo, wamfupi, wa magalasi okhuthala, wokonda kufotokoza chinthu kuyambira pachiyambi.

"Mwachedwa, achimwene. Dzuwa likulowa, Sabata layandikira."

"Dzuwa silinatuluke lero."

A Josiah anaseka. "Kuseri kwa mitambo liliko, ndipo likulowa. Koma musandide. Chikanakhala choti ndikuthandizeni lero, ndikanatsegula, Sabata silikaniza kupulumutsa munthu. Vuto ndi magetsi. Mukuona, tizilombo timafuna kutentha kuti timere, ngati mazira pansi pa nkhuku. Magetsi anazima Lachitatu, abwera dzulo madzulo. Mafinya a Lizzie aja ndayambiranso kuwayeza. Mubwere tsiku loyamba, masana."

"Lamulungu?"

"Inu mumatero."

"Lolemba apolisi amutenga Lizzie."

"Lizzie ndinamuphunzitsa ine kutenga magazi. Mwana uja ngakhale panado sangabe. Koma tizilombo sitidziwa Lolemba, achimwene." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Chimodzi chokha ndaona kale. Mafinya atatu aja, kachilombo kake n'kofanana. Akazi atatu sangakatole pamalo atatu. Pezani pomwe anavulalira."

A Malizani anatembenuza njinga. Maola atatu kupita, atatu kubwerera, m'manja mulibe kanthu.

*

Loweruka mvula inapumira. A Malizani analawirira ku Kapichi, komwe antchito ambiri a esiteti amabwereka timinda ta chimanga. Chinali chaka chija feteleza anakwera mtengo mpaka anthu ankangomuonera m'sitolo. Chimanga chinali chachikasu mtunda wonse, chofika m'mawondo, masamba owonda ngati a anyezi.

Koma osati paliponse. Apa ndi apo panali kamunda kobiriwira bwino, chimanga chofika pachifuwa. A Malizani anafunsa mayi wina yemwe ankabandira.

"Uwu ndi wa yani?"

"Wa Lackson, wamaliro uja."

"Uwo?"

"Wa Tinenenji. Wakumtundawo ndi wa mlongo wake wa Angella." Mayiyo anawayang'ana nkhope, kenako yunifolomu, n'kuweramira khasu lake. "Enawo sindidziwa. Ine ndine mlendo kuno."

A Malizani anawerenga minda yobiriwira. Inakwana khumi ndi iwiri. Analowa m'munda wa Lackson n'kufukula patsinde pa phesi. Timibulu takuda tija tinali pomwepo, tonyowa, ndi fungo lomwe lija.

Ali chinjutire anakumbukira komwe ankalimva fungolo. Ankalimva Lachiwiri lililonse akamakayendera loko wa fakitale yakale.

Fakitale yakaleyo ili kumapeto kwa esiteti, pafupi ndi khola la ng'ombe za kampani. Anaisiya kalekale atamanga yatsopano. Pamwamba pake pali chipinda chachitali momwe ankayanikamo masamba. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: wopezeka m'menemo ntchito yatha, nyumba atuluke tsiku lomwelo.

Mlonda wa pamenepo anali Fabiano, munthu wonenepa masaya, woseka asanamve nkhani. Atawaona anadzambatuka pa benchi n'kuchita sawatcha.

"Bwana wanga! Lero Loweruka? Kuli bata kuno bwana, ine ndimangoona mbalame. Loko uyo, onani, ali gwa."

Loko analidi gwa. A Malizani anazungulira kuseri. M'udzu wautali munagona makwerero a bulugama, misomali yake yatsopano.

"Awa?"

"Aaa, amenewo bwana? Ndawapeza momwemo. Mwina a magetsi anaiwala."

"Imika."

"Bwana, m'mwambamo muli njoka."

"Imika."

Fabiano anaimika makwerero pakhoma. Pamwamba, pansi pa denga, panali kabowo komwe lata lina linakanganuka n'kupindikira m'kati. A Malizani anakwera. Mutu unalowa, mapewa anakana. Anayesa cham'mbali, anakanabe. Mwamuna sakanalowa pamenepo. Mkazi wamng'ono thupi akanalowa.

Maso atazolowera mdima anaona. Mileme inali lendelende kudenga, mazanamazana, yothinana ngati nthochi pa mkoko, ikulira motsinatsina. Pansi, pamatabwa ofumbwa, zitosi zake zinaunjikana zofika m'akakolo, ndipo pafupi ndi bowolo panali pokokotedwa ndi mbale. Fungo linawatulutsa misozi.

Potsika anayang'ana m'mphepete mwa lata lija. Kudzanja lamanja linali ndi mano adzimbiri, opakika zitosi. Munthu wotulutsa thumba lolemera ndi dzanja lamanja sakanalephera kukhudza pamenepo. Pa dzino limodzi panakodwa kansanza ka chitenje.

Anatapa zitosi pang'ono m'bokosi la machesi, natsika. Fabiano anali atasiya kuseka.

"Kuyambira liti?"

"Bwana, ine ndi Mulungu..."

"Liti?"

"Novembala, bwana. Anthu ankalira njala. Chimanga chikufa akuchiona. Wina anati ku Mozambiki makolo ankathira za mileme, ndiye ndinati ndani akuzifuna, zikungoola."

"Iwe umapezapo chiyani?"

"Thumba lachitatu lililonse ndi langa. Inenso ndili ndi kamunda, bwana."

"Okwera?"

"Akazi okhaokha, ang'onoang'ono. Matabwa aja mwamuna angathyoke nawo. Amuna amagwira makwerero."

"Makwerero a Marita anagwira ndani?"

Fabiano anayang'ana nsapato zake.

"Za madzi m'jekeseni anayambitsa ndani?"

"Ine sindinanene kuti waba, bwana. Pamaliro paja anthu anayamba kufunsana za bala, kuti analitenga kuti. Ndinaona kuti zifika kuno. Ndinangoti, kodi mankhwala a masiku ano ndi enieni? Basi. Enawo anawonjezera okha."

A Malizani anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali mlonda wawo, womulemba okha ntchito. Miyezi itatu akhala akugwedeza loko kutsogolo, anthu akukwera kuseri.

"Ukanene kwa a Peterson."

"Ndikana, bwana. Mundikhululukire, koma ndikana. Ndipo palibe adzavomere. Mabanja khumi ndi awiri, onse atuluke m'nyumba?"

A Malizani anathyola makwerero aja ndi mwala, phazi limodzilimodzi, Fabiano akuonerera.

*

Lamulungu masana a Josiah anaika timbale tiwiri tagalasi patebulo.

"Tiyambe ndi iyi. Umu ndadzalamo tizilombo ta pa bala la Marita. Timapepala tozungulirati, kalikonse kali ndi mankhwala ake. Mankhwala akagwira, kuzungulira kapepala pamayera, ngati pabwalo posesa. Tsono onani. Penisilini, tamera mpaka pamwamba pake. Bakitirimu, chimodzimodzi. Makapusozi, chimodzimodzi. Tikudya n'kumanyambita."

"Iyo?"

"Iyi ndadzalamo tizilombo wamba, n'kudonthezapo za m'botolo la Lizzie. Onani bwalo lake, mbee! Mankhwala a mwana uja ndi enieni. Kachilomboka ndiko kanazolowera mankhwala."

A Malizani anatulutsa bokosi la machesi n'kulitsegula. A Josiah ananunkhiza, nabweza mutu.

"Mileme? Kuti?"

Anawauza mwachidule.

"Pafupi ndi khola la ng'ombe, mwatero? Ng'ombe zija amazibaya mankhwala omwewa mwezi ndi mwezi, zidwale zisadwale. Ntchentche ndi agulugufe amatera pandowe, mileme imadya zimenezo, imamwa pa zithaphwi zomwezo. Zitha kutero. Koma ine sindilemba chomwe sindinayeze. Izi mundipatse mpaka Lachinayi."

"Lachinayi."

"Ndanena kale, tizilombo sitithamanga." Analoza kapepala kamodzi m'mbale yoyamba, komwe kanali ndi bwalo loyera. "Koma onani apa. Mankhwala amodzi okha ndiwo akugwira, ndipo tili nawo kuno, mabotolo ochepa. Akazi awiri otsalawo abwere msanga. Msanga ndikutanthauza dzulo."

Analemba kalata, naidinda. A Malizani anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuiika m'chipewa.

Atafika ku esiteti anapita kwa Tinenenji. Mkono unali utada mpaka paphewa, ndipo nthabwala panalibe. Pa njinga sakanatha kukhala. Pikapu inali yokhoma, kiyi ali ndi a Peterson, a Peterson ali ku ukwati ku Luchenza.

*

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Anthu anadzazanso bwalo la chipatala, madengu kumsana. Pikapu inaima pakhomo, injini ikulira.

A Peterson anawerenga kalata ija kawiri, n'kuiika patebulo.

"Ndiye ndituluke ndikawawerengere anthu mazana atatu za timbale tagalasi? Andigenda."

"Mankhwala ndi enieni."

"Ndamva. Nanga bala analitenga kuti?"

A Malizani anafotokoza za fakitale yakale, za lata, za minda yobiriwira. A Peterson anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mukudziwa chomwe mwandibweretsera? Ndikalemba zimenezi mu lipoti, mabanja khumi ndi awiri atuluka lero, ndi mlonda wanu, mwinanso inu nomwe. Kampani ifunsidwa chifukwa chiyani nyumba ija sinagwetsedwe. Pamene nesi ndi mmodzi. Apolisi akamusunga masiku awiri, akamutulutsa, akapeza ntchito kwina."

"Ndi dzina la wakuba."

"Muli ndi mboni? Mmodzi yekha woti aime anene kuti ndinakwera?"

A Malizani anapukusa mutu.

"Basi. Kwatsala mphindi khumi."

A Malizani anatuluka. Lackson anali pamalo pake pomwe paja, mawu atasasa ndi kukuwa. A Malizani anamukodola, napita naye kuseri kwa thanki ya madzi.

"Musandigwire, bambo Malizani."

"Sindikugwira. Chimanga chako chabiriwira."

Lackson anabwerera m'mbuyo, koma a Malizani anapitiriza.

"Ndinakwera dzana. Mapewa anga sanalowe. Akonso sakanalowa."

"Sindikudziwa zomwe mukunena."

"Ukudziwa."

Madzi ankadontha kuchokera pa thanki. Lackson anayang'ana madonthowo.

"Anati akuopa mileme," anatero potsiriza, motsitsa mawu. "Ndinamuseka. Ndinati thumba limodzi lokha, mayi a Happy, chimanga chibereke. Potsika anandionetsa mkono, ndinati pakani dothi, kabala ka mwana aka." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Koma jekeseni akanagwira, bwenzi ali moyo. Akanagwira!"

"Sakanagwira. Kalata ili mu ofesi."

"Ndiye ndamupha ine?"

A Malizani anavula chipewa. Zoyankhula zambiri sankazidziwa.

"Ine ndinaika mkazi. Miyezi isanu ndinkadana ndi dalaivala wa ambulansi. Sanalakwe kanthu munthu uja."

"Ndikanena atichotsa. Ana atatu, bambo."

"Ukapanda kunena, mtsikana uja apita. Tinenenji safika Lachitatu."

"Nenani inuyo."

"Ine sandimvera. Wamaliro ndiwe."

Lackson anapukusa mutu, nabwerera kugulu. A Malizani anatsala okha kuseri kwa thanki. Anamenya chitsulocho kamodzi ndi chibakera, chinalira ngati ng'oma yobooka. Kenako anakonza chipewa n'kupita kukagogoda pachitseko cha chipatala.

Lizzie anatuluka atanyamula kachikwama ndi Baibulo. Anawayang'ana kumaso, iwo anayang'ana pansi. Gulu linasendera, phokoso linakwera. Wina anaponya chibuluma cha dothi, chinafikira pa yunifolomu yoyera ija. Alonda awiri anatambasula ndodo. Kuchoka pakhomo kufika pa pikapu panali mapazi khumi okha, ndipo anali atayenda asanu ndi awiri.

"Musiyeni."

Mawuwo anali osasa, ndipo ambiri sanamve. Lackson anabwereza m'Chilomwe, mokweza, kenako m'Chichewa.

"Musiyeni mwana wa eni ake. Makwerero ndinagwira ine."

Palibe anafunsa kuti makwerero ati. Mayi uja wa madzi a pampopi anayang'ana kumbali, nakonza lamba wa dengu lake. Bambo wina anatsokomola, nayamba kuyenda kulowera ku namba seveni. Ena awiri anamutsatira, kenako khumi. Posakhalitsa pabwalo panatsala Lackson yekha, atakhala pansi m'matope, manja ali kumutu.

A Peterson anali pakhonde la ofesi. Anayang'ana madengu akulowa m'mizere, nayang'ana wotchi.

"Ine sindinamve kanthu, a Malizani. Za makwerero sindikuzidziwa, ndipo mu lipoti musalembemo. Anthu abwerera kuntchito, nkhani yatha."

"Pikapu."

"Yatani?"

"Ipite ku mishoni. Ndi Tinenenji."

A Peterson anakweza dzanja ngati akuingitsa ntchentche, nalowa mu ofesi.

Lizzie anali chiimire pomwe paja, akuchotsa dothi pachifuwa ndi chala.

"Ndiye basi, bambo? Masiku anayi ndili m'kachipinda kaja. Palibe woti anene pepani?"

"Palibe."

Lizzie anatembenuka. Anaponya kachikwama kutsogolo kwa pikapu, nalowanso m'chipatala, natuluka ndi machira ndi botolo la diripi.

"Dalaivala, kumalaini akumunsi. Bambo Malizani, nanga Angella? Wake unayamba tsiku limodzi ndi wa Marita."

A Malizani anathandiza kukweza Tinenenji, naima mpaka pikapu inakhota pa mlatho. Kenako anapopa tayala lakumbuyo, nakwera njinga kulowera ku Changata kukafuna Angella.